LEONARD KAMUNGU: MWANA WA KU CHIA AMENE SUKULU INAMUOLOTSA MALIRE

LICHINGA — Munthu akamayenda m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Metangula kulowera kumpoto, akapitirira Messumba koma asanafike ku Cóbuè, amapeza mudzi wa Chia. Ndi mudzi wa asodzi monga ina yonse ya m'boma la Lago: mabwato pamchenga, usipa pathandala, chinangwa m'minda ya kumtunda. M'mudzi umenewu ndimo munabadwira, cha m'ma 1877, malemu Leonard Kamungu, Mnyanja woyamba wa m'mbali mwa nyanjayi kudzozedwa unsembe mu mpingo wa Anglican. Iwo anakaphunzira ku Zanzibar, anagwira ntchito m'dziko limene lero ndi Malawi, ndipo manda awo ali ku Msoro m'dziko la Zambia. A ku Malawi amati ndi munthu wawo, a ku Zambia nawonso amatero. Koma kuno ku Niassa, kumene kunagwera mchombo wawo, dzina lawo silitchulidwa monga m'mene liyenera kutchulidwira.

Owerenga asasokoneze Chia ameneyu ndi thamanda la Chia limene lili kufupi ndi Nkhotakota. Uyu ndi Chia wa tsidya lino. Pamene a Kamungu ankabadwa kunalibe malire pakati pa matsidya awiriwa. Ngakhale mzinda wa Lichinga kunalibe, pakuti Apwitikizi anaukhazikitsa mu 1931 ndi dzina la Vila Cabral, a Kamungu atamwalira kale.

Masiku amenewo anthu a kunyanja sankagona tulo tabwino. Kuchokera kumpoto kunkabwera nkhondo ya Angoni otchedwa Amagwangwara, amene ankatsika m'mapiri n'kutentha midzi ndi kugwira anthu. Midzi inkamanga malinga, ena ankabisala m'bango, ena ankathawira pazilumba. Kummwera ndi kum'mawa kunali mafumu amphamvu a Chiyao, Makanjira ndi Mataka, amene chuma chawo chinali minyanga ya njovu ndi akapolo. Zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkaolotsa akapolo kudzafika tsidya lino, ndipo kuchokera pamenepo anthuwo ankayendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere. Mwana wa ku Chia akachoka kwawo kupita kum'mawa masiku amenewo, nthawi zambiri ankapita ali m'goli, ndipo sankabwerera.

Manda a mlendo

Kumayambiriro kwa chaka cha 1882 kunafika azungu awiri oyenda pansi kuchokera kum'mawa. Mmodzi anali William Percival Johnson, wansembe wa ku England, amene mu 1880 anakhalapo kwa Mataka ku Mwembe, koma anachotsedwako chaka chotsatira pomuganizira kuti ndiye ankaulula za maulendo a akapolo kwa Angerezi. Mnzake anali Charles Janson. Ameneyu anafika kunyanja akudwala, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho anamwalira ku Chia, m'mudzi wa mfumu Maendaenda. Anthu a m'mudzimo anathandiza kuika maliro a mlendo amene sankadziwa kwawo. A Kamungu anali ndi zaka pafupifupi zisanu.

Azunguwa anali a bungwe la UMCA, limene linayambika m'mayunivesite a ku Britain David Livingstone atalankhula ku Cambridge mu 1857. Gulu loyamba linakhazikika ku Magomero mu 1861, koma malungo, njala ndi nkhondo zinaligonjetsa, ndipo mu 1864 bungwelo linasamukira ku Zanzibar. Kumeneko linayamba kulera ndi kuphunzitsa ana amene sitima za nkhondo za Angerezi zinkawalanditsa m'zombo za akapolo. Ambiri mwa anawo anali ochokera kuno: Anyanja, Ayao, Amakua. Zachilendo zake n'zakuti msika umene unkameza ana a kunyanja ndi umenenso unadzabweza aphunzitsi oyamba a kunyanja.

Mu 1885 bungwelo linaika panyanja sitima yaing'ono imene anaitcha Charles Janson, pokumbukira womwalira ku Chia uja, ndipo linamanga likulu lake pachilumba cha Likoma mwa chilolezo cha mfumu Chiteji ya tsidya lino. Nzeru ya Bambo Johnson, amene nthawiyi maso awo anali ataonongeka kwambiri ndi nthenda, inali yosavuta kuimva. Iwo sanafune kuti ana asonkhanitsidwe pamalo amodzi pafupi ndi azungu. Ankasiya mphunzitsi wachikuda m'mudzi uliwonse umene mfumu yavomera, ndipo sitima inkayendera midziyo kubweretsa mabuku, masileti ndi mankhwala. Aphunzitsi amenewa, amene anthu ankawatcha amwalimu potengera Chiswahili, ndiwo anasenza katundu wolemera. Wotchuka mwa iwo anali Augustine Ambali, wa mtundu wa Azaramo a kugombe la Tanzania, amene anagwidwa ukapolo ali mwana n'kulanditsidwa panyanja. Iwo anakhala zaka zambiri ku Messumba, anadzozedwa unsembe mu 1906, ndipo anamwalira mu 1931. Akulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kamene kanafika ku Chia kanali m'manja mwa anthu onga a Ambali, amene analibe mudzi wawo wobwererako.

Sukulu ya m'mudzi inali ya udzu ndi bango, pena pansi pa mtengo. Ana ankayamba ndi zilembo, kenaka kuwerenga, kulemba, masamu ndi mau a Mulungu, zonse m'Chinyanja. Ku Likoma kunali makina osindikizira mabuku, ndipo Chinyanja cha kunyanja kuno chinalembedwa ndi kusindikizidwa kuyambira zaka zimenezo. Makolo ambiri sankaona phindu lake. Mwana amene ali pasukulu sakukoka khoka, sakuingitsa anyani m'munda, sakuyanika nsomba. Mkangano umenewu sunathebe m'midzi ya m'malire mpaka lero, ndipo amene amaudziwa bwino ndi aphunzitsi amene amaona makalasi akupungula nyengo ya usipa ikafika. A Kamungu anali mmodzi wa ana amene anakhalabe pasukulu.

Makwerero a maphunziro anali atatu. Woyamba unali sukulu ya m'mudzi. Wochita bwino ankaoloka kupita ku Likoma. Ochepa zedi mwa amenewo ankasankhidwa kupita ku Kiungani, pachilumba cha Zanzibar. A Kamungu anakwera makwerero onse atatu. Ali pakati pa ulendowo, mu 1891, Portugal ndi Britain anasainirana pangano limene linapereka gombe la kum'mawa kwa nyanja kwa Apwitikizi, koma zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kuzisiya m'manja mwa Angerezi. Mnyamata wa zaka 14 anangopezeka kuti kwawo ndi dziko lina, kusukulu kwake ndi dziko linanso, chonsecho kuchokera ku Cóbuè munthu amaona nyumba za pa Likoma ndi maso. Malirewo sanaletse mabwato kuoloka, ndipo sanaletse mnyamatayo kuphunzira.

Ku Kiungani

Kupita ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1890 sunali ulendo wa masewera. Njira imodzi inali ya pamadzi: sitima mpaka kummwera kwa nyanja, kutsika ndi mtsinje wa Shire, kuyenda pansi polambalala mathithi, kulowa mu Zambezi mpaka ku Chinde, kenaka sitima yaikulu yolowera kumpoto. Njira ina inali ya pansi, kudzera m'dziko la Ayao mpaka ku Masasi ndi ku Lindi. Zonse ziwiri zinkatenga masabata ambiri. Mayi amene mwana wake wanyamuka ulendo wotero ankadziwa kuti padzapita zaka asanamuonenso, ndipo ankadziwanso zimene zinachitikira ana ena amene analowera mbali yomweyo.

Sukulu ya St Andrew ku Kiungani inali kunja pang'ono kwa mzinda wa Zanzibar. Inayamba ngati nyumba yolereramo ana olanditsidwa, koma pofika nthawi ya a Kamungu inali itasanduka koleji yophunzitsa aphunzitsi ndi ofuna unsembe ochokera m'madera onse a bungwelo. Chilankhulo cha tsiku ndi tsiku chinali Chiswahili. Chingerezi chinkaphunzitsidwa, pamodzi ndi masamu, za maiko, mbiri ndi Malembo, ndipo ena opita patsogolo ankafika mpaka pa Chigiriki.

Koma phunziro lalikulu la ku Kiungani silinalembedwe pa bolodi. Mnyanja wa ku Chia ankagona chipinda chimodzi ndi Myao wa ku Masasi, Mmakua wa ku Newala ndi Mbondei wa ku Magila, kumpoto kwa Tanzania. Ena mwa anyamatawo anali ana a mafumu, ena anali akapolo dzulo lomwe. Panali ena amene mitundu yawo inkagulitsana. Onsewa ankadya m'mbale zofanana, ankayimba m'kwaya imodzi, ndipo akakangana ankayenera kugwirizana m'chilankhulo chimene ambiri a iwo sanabadwe nacho. Zimene masiku ano zimatchedwa mgwirizano wa maiko, ndipo anthu amakaziphunzira ku yunivesite, anyamata amenewa ankaziphunzira potunga madzi ndi posesa pabwalo. Mumzindamo ankapemphera m'tchalitchi chachikulu chimene chinamangidwa pamalo penipeni pamene panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Ankamvanso za Cecil Majaliwa, Myao amene anali kapolo, yemwe mu 1890 anakhala wansembe woyamba wachikuda wa bungwelo.

Wina amene anadutsa ku Kiungani a Kamungu asanafike ayenera kutchulidwa pano, chifukwa ntchito yake inali pafupi ndi Lichinga. Ameneyu ndi Yohana Abdallah, mwana wa mfumu ya kumpoto kwa mtsinje wa Rovuma. Mu 1893 dokotala wina amenenso anali wansembe, John Edward Hine, anatsegula mishoni paphiri la Unango, m'dera la mfumu Kalanje. A Abdallah anafikako chaka chotsatira, anadzozedwa unsembe mu 1898, ndipo anatumikira kumeneko mpaka imfa yawo mu 1924. Mu 1905 anakafika ku Yerusalemu, ndipo mu 1919 buku lawo la mbiri ya Ayao, Chiikala cha Wayao, linasindikizidwa ku Zomba. Akatswiri a mbiri m'maiko ambiri amaliwerengabe. Dzina la Hine likumbukiridwe, pakuti lidzabweranso m'nkhaniyi.

A Kamungu anabwerera kunyanja ali mphunzitsi wodziwa Chinyanja, Chiswahili ndi Chingerezi. Anapeza zinthu zikusintha. Cha m'ma 1900 ku Cóbuè kunatsegulidwa koleji ya aphunzitsi ya St Michael, kuti anyamata asamachite kupita ku Zanzibar. Mu 1901 panyanja panaikidwa sitima yaikulu ya Chauncy Maples, yopangidwa ku Glasgow n'kunyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu. Dzinalo linali la bishopu amene anamira m'nyanja mu 1895. M'sitimamo munali chipinda chophunziriramo, kotero kuti aphunzitsi ankaonjezera maphunziro ali pa ulendo. Nthawi yomweyo kampani ya Companhia do Niassa, imene Portugal inaipatsa ulamuliro wa dera lino mpaka 1929, inali itamanga boma lake ku Metangula n'kuyamba kutolera msonkho wa nyumba.

Mu 1902 a Kamungu anadzozedwa udikoni. Sanatumizidwe kwawo ku Chia. Zaka zotsatira anatumikira ku Lungwena, kumpoto kwa Malindi m'boma la Mangochi, ndiponso ku Nkhotakota. Malo onse awiri anali ovuta kwa mlaliki wachikhristu. Lungwena ndi dera la Ayao, kumene Chisilamu chinali chitazika kale mizu, ndipo Nkhotakota unali mzinda wa a Jumbe, wokhala ndi mizikiti ndi masukulu ake a Korani. Munthu wongodziwa kukalipa sakanatha mwezi m'malo otere. Pankafunika wodziwa kukhala pabwalo la mfumu, kupereka ulemu kwa mashehe, kulankhula ndi makolo m'chilankhulo chawo, ndi kupirira pamene ana abwera kusukulu lero, mawa osaoneka. Chiswahili cha ku Kiungani, ndi chizolowezi chokhala pakati pa Asilamu a ku Zanzibar, zinagwira ntchito pamenepa.

Anakhala pa udikoni zaka zisanu ndi ziwiri. Apa ndi pamene mbiri ya bungwelo siikoma. Mzungu wobwera kuchokera ku England ankadzozedwa unsembe patangopita chaka chimodzi kapena ziwiri ali dikoni, ndipo ankapatsidwa udindo asanadziwe n'komwe kupereka moni m'Chinyanja. Wachikuda ankayesedwa, n'kuyesedwanso. A Ambali anadikira zaka zisanu ndi zitatu. Mgwirizano umene unatsegula sukulu kunyanja unali weniweni, koma sunali wa anthu ofanana: wina ankagwira chikwama ndi cholembera, wina ankagwira ntchito. Ndiponso makwerero aja ofika ku Kiungani anali a anyamata okha. Ku Likoma ndi m'midzi kunali sukulu za atsikana, ndipo amayi ena anakhala aphunzitsi, koma palibe mlongo wa a Kamungu amene akanaloledwa kufika pamene iwo anafika.

Mu 1909, m'nthawi ya Bishopu Gerard Trower, a Kamungu anadzozedwa unsembe ali ndi zaka pafupifupi 32. Sanakwatire. Ankakonda kulemba makalata, ndipo ambiri mwa makalatawo, opita kwa abwenzi a mpingo ku England, anasungidwa.

Ulendo wa ku Msoro

Mu 1910 mpingo unakhazikitsa dayosizi yatsopano ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia. Bishopu wake woyamba anali Hine yemwe uja wa ku Unango, amene pakatipa anakhalapo bishopu wa Likoma ndi wa Zanzibar. Dziko linali lalikulu, ansembe anali owerengeka, ndalama zinali zochepa. Pofuna munthu wokayamba ntchito kum'mawa kwa dzikolo, maso anagwera pa wansembe wa ku Chia. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: kumeneko Chinyanja chimamveka, ndipo a Kamungu anali ataonetsa kale kuti angathe kukhala pakati pa anthu a mtundu wina popanda mzungu wowayang'anira.

Iwo anavomera. Mu 1911 anafika ku Msoro, kwa anthu a mtundu wa Akunda, kuzambwe kwa Fort Jameson, mzinda umene lero ndi Chipata. Munthu wobadwira pamchenga, wozolowera mwera ndi nsomba, anakakhala m'chigwa chotentha cholowera ku Luangwa, kutali ndi madzi aakulu alionse. Anachita zimene anaona a Johnson ndi a Ambali akuchita kwawo. Anapempha malo kwa mfumu, anamanga nyumba yopemphereramo, anatsegula sukulu m'midzi yozungulira n'kuikamo aphunzitsi ochokera kunyanja, ndipo iwo ankayendera sukuluzo wapansi. Kumene Chia anali ndi sitima, Msoro anali ndi miyendo ya a Kamungu.

Mavuto sanachokere kwa Akunda okha ayi. Mpingo wa Dutch Reformed, umene unafika ku Magwero mu 1899 n'kufalikira m'chigawocho, unkaona kuti deralo ndi lake, ndipo panabuka mkangano wa malire a mishoni umene unafika mpaka kwa akuluakulu a boma. Wansembe amene anaoloka malire a Apwitikizi, a Sultani wa ku Zanzibar ndi a Angerezi popanda chovuta anadzapanikizidwa ndi malire amene Akhristu anzake anaika. Ngakhale zinali choncho, sukulu zinachuluka, ndipo asanathe zaka ziwiri anali atabatiza Akhristu oyamba a ku Msoro.

Mu Febuluwale 1913 a Kamungu anadwala ndipo anamwalira, ali ndi zaka pafupifupi 36. Mbiri imene inafala, ndipo imakambidwabe, ndi yakuti anadyetsedwa chiphe. Anaikidwa ku Msoro komweko. Anali atatumikira monga wansembe zaka zosakwana zinayi.

Njira imene anaponda sinamere udzu. Messumba inakula kukhala mishoni yaikulu yokhala ndi sukulu ndi chipatala, ndipo ana a m'midzi ya Lago anapitiriza kuoloka kukaphunzira ku Likoma ndi ku Nyasaland. Pangano la Portugal ndi Vatican la 1940, ndi lamulo la mishoni la 1941, zinapereka sukulu za anthu akuda m'manja mwa mpingo wa Katolika ndi kukakamiza Chipwitikizi, koma anthu a kunyanja anali atalawa kale kukoma kwa kuwerenga. Si zodabwitsa kuti nkhondo ya ufulu itayamba mu 1964, dera limeneli linapereka anyamata ambiri odziwa kulemba. Mmodzi wa iwo anali Paulo Samuel Kankhomba, amene anaphedwa mu 1968, ndipo sukulu ya sekondale ya mu Lichinga imatchedwa dzina lake. Ana ena anakaphunzira ku Tunduru ndi ku Dar es Salaam, m'sukulu za Frelimo. Dziko litalandira ufulu, ena anatumizidwa ku Cuba kuyambira 1977, enanso ku Stassfurt m'dziko la East Germany kuyambira 1982. Ndipo pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi. Ambiri mwa makolo a lero m'maboma a Mandimba, Mecanhelas, Ngauma ndi Lago anaphunzira zilembo zoyamba kumeneko.

Mwana wa ku Chia wa lero sachita kufika ku Zanzibar. Yunivesite ya Lúrio, imene inakhazikitsidwa mu 2006, inaika nthambi yake ya zaulimi ku Unango, pansi pa phiri lomwe lija la a Abdallah. Mu 2019 nthambi ya Universidade Pedagógica ya mu Lichinga inalowa mu Yunivesite ya Rovuma. Yunivesite ya Katolika inatsegula maphunziro a zaulimi ku Cuamba. Amene mtima wake uli pa ntchito za ukazembe ndi za ubale wa maiko, sukulu yake ili ku Maputo: inayamba mu 1986 ndi dzina la ISRI, ndipo pambuyo pake inaphatikizidwa ndi sukulu ya zoyendetsa boma kukhala Universidade Joaquim Chissano.

Makomo a kunja nawonso alipo. Mu 1997 maiko a SADC anasainirana ku Blantyre pangano la maphunziro, limene limati mayunivesite a dziko lililonse azisungira ophunzira a maiko anzawo malo osachepera asanu pa 100 alionse. Mozambique inalowa mu Commonwealth mu 1995, ndipo mu 1996 inali m'gulu la maiko oyambitsa CPLP, bungwe la maiko olankhula Chipwitikizi. Choncho mwana wa dziko lino angapemphe bolsa mbali zonse ziwiri. Mabolsa amene maiko ena amapereka kudzera m'boma amalengezedwa ndi Instituto de Bolsas de Estudo. Chovuta n'chakuti chidziwitso chotero chimatuluka ku Maputo ndi pa intaneti, masiku ake amakhala owerengeka, ndipo chimafuna chitupa, setifiketi ya kalasi ya 12 ndi mapepala ena amene mwana wa kumudzi sawapeza tsiku limodzi. Kale sitima inkabweretsa uthenga mpaka pagombe la mudzi. Masiku ano ntchito imeneyo yatsalira aphunzitsi, wailesi za m'maboma ndi achibale okhala m'tauni, ndipo pamene iwo agona, mwayi umathera m'manja mwa ana a m'mizinda.

Chuma chimodzi chimene mwana wa m'malire ali nacho, koma ambiri amachipeputsa, ndi chilankhulo. Chinyanja chimene ena amachita nacho manyazi akafika ku Lichinga chimamveka ku Tete, m'Malawi monse, ku Chipata mpaka ku Lusaka. Chiyao chimafika ku Mangochi ndi ku Tunduru. Boma linayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu zina za pulayimale. Mabungwe a zaumoyo, zaulimi ndi zosamala nyanja amene amagwira ntchito mbali zonse za malire amasowa anthu otha kulankhula ndi mfumu m'mawa, n'kulemba lipoti m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi madzulo. Bishopu Hine ankafuna munthu wotere mu 1910.

Patangopita chaka a Kamungu atamwalira, mu 1914, Dora Yarnton Mills anatulutsa ku London kabuku ka moyo wawo, kochokera kwambiri m'makalata awo aja. Mu 1971 John Weller analembanso mbiri yawo m'buku lotchedwa The Priest from the Lakeside. Mishoni ya Msoro inakula, inakhala ndi sukulu ndi chipatala, ndipo tchalitchi chake cha St Luke ndicho chinasankhidwa kukhala tchalitchi chachikulu pamene dayosizi ya kum'mawa kwa Zambia inakhazikitsidwa mu 1995. Ku Zomba, koleji yophunzitsa ansembe a Anglican imene inatsegulidwa mu 2006 inapatsidwa dzina la Leonard Kamungu. Midzi ya kwawo inachoka mu dayosizi ya Nyasaland cha m'ma 1960, ndipo lero Chia ali mu dayosizi ya Niassa, imene bishopu wake amakhala mu Lichinga.